Lenzi ya njovu si lenzi ya Mlalang'amba

Munthu akangogula kamera yosintha malenzi, funso limene limabwera msanga ndi ili: ndigule lenzi iti yoti masana ndizijambulira nyama ku Liwonde, usiku n'kumajambuliranso nyenyezi? Yankho lake silikoma kwa amene ndalama zake n'zowerengeka, komabe ndi bwino kulimva ndalamazo zisanatuluke m'thumba. Lenzi yotero kulibe. Nyama imakhala patali ndipo sidikira munthu, choncho imafuna lenzi yokoka zakutali ndi shata, kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera, yotseka mwachangu. Thambo ndi lalikulu koma kuwala kwake n'kochepetsetsa, choncho limafuna lenzi yoona malo aakulu, yolowetsa kuwala kochuluka, ndi shata yokhala chitsegukire kwa masekondi angapo. Amene wamvetsa chifukwa chake ntchito ziwirizi zimakokera kosiyana angathe kuchita zonse ziwiri ndi zida zotsika mtengo.

Nkhani yonse yagona pa manambala awiri olembedwa pa lenzi. Yoyamba ndi ya mamilimita, monga 18-55mm kapena 70-300mm. Nambalayi imasonyeza kukula kwa malo amene lenzi ikuona. Ikakhala yaing'ono, monga 14mm, chithunzi chimatenga phiri, mtengo ndi thambo pamodzi. Ikakhala yaikulu, monga 400mm, chimatenga kachigawo kochepa n'kukakulitsa. Koma masensa a makamera, tizipangizo tam'kati tolandira kuwala n'kupanga chithunzi, ndi osiyana kukula. Sensa yotchedwa full frame ndi ya 36mm m'litali ndi 24mm m'lifupi, pamene makamera ambiri oyambira, monga Canon 2000D, Nikon D3500 kapena Sony a6000, ali ndi sensa yocheperapo yotchedwa APS-C. Pa makamera amenewa nambala ya lenzi mumaichulukitsa ndi 1.5 ngati ndi Nikon, Sony kapena Fujifilm, ndi 1.6 ngati ndi Canon. Motero lenzi ya 300mm imaona ngati ya 450mm kapena 480mm. Wojambula nyama amapindula nazo zimenezi. Wojambula nyenyezi amaluza, chifukwa 18mm yake imaona ngati 27mm kapena 29mm, thambo n'kuchepa.

Pali kasamu kamodzi kamene ndimafuna aliyense atakadziwa asanagule lenzi yaitali. Tengani msinkhu wa nyama m'mamita, chulukitsani ndi mamilimita a lenzi, ndiye gawani ndi mtunda umene nyamayo ili, m'mamitanso. Yankho lake ndi kukula kwa nyamayo pa sensa, m'mamilimita. Njovu yaimuna yotalika mamita 3, itaima pa mtunda wa mamita 50, pa lenzi ya 300mm imakhala 18mm. Sensa ya APS-C m'lifupi ndi pafupifupi 15mm basi, ndiye kuti njovuyo sikwana n'komwe m'chithunzi. Tsopano pa mtunda womwewo ikanipo nkhwazi, imene thupi lake ndi pafupifupi masentimita 70. Imakhala 4mm yokha, kachinthu kochepa pakati pa masamba. N'chifukwa chake anthu awiri angapite paki imodzi ndi lenzi yofanana, wina n'kubwerako wokhutira, wina akudandaula. Woyambayo amafuna njovu, wachiwiriyo amafuna mbalame. Kasamu komweka kakuonetsanso kuti mtunda ukachepa ndi theka, zili chimodzimodzi ndi kugula lenzi yotalika kawiri. Sindikutanthauza kuthamangira nyama ayi. Ndikunena za kudziwa pamene nyama zimamwera madzi, kufikapo msanga, kuzimitsa injini n'kudikira kuti zibwere zokha.

Nambala yachiwiri ndi ya f, monga f/2.8 kapena f/5.6. Imeneyi imanena kukula kwa bowo lolowetsa kuwala, ndipo imasokoneza anthu chifukwa nambala ikachepa bowo limakula. Ganizani za kutchera madzi a mvula: beseni lotambalala limadzaza msanga, botolo lapakamwa pang'ono limafuna nthawi. Manambalawa amayenda chonchi: 1.4, 2, 2.8, 4, 5.6, 8, 11, ndipo mukakwera sitepe imodzi kuwala kumatsika ndi theka. Ndiye kuti f/2.8 imalowetsa kuwala kuwirikiza kanayi poyerekeza ndi f/5.6.

Mtengo wa malenzi umachokera pamenepa. Kuti mudziwe kukula kwa bowo, gawani mamilimita ndi nambala ya f. Lenzi ya 400mm f/2.8 imafuna galasi lakutsogolo la masentimita opitirira 14, imalemera pafupifupi makilogalamu 3, ndipo yatsopano imadutsa madola 10,000 a ku America. Malenzi aakulu amene mumawaona ndi ojambula mpira wa mayiko ndi amenewo. Lenzi ya 300mm f/5.6 bowo lake ndi masentimita 5 ndi pang'ono, ndipo imalowa m'kachikwama. Chikwama chanu ndi msana wanu ndi zimene zidzasankhe pakati pa ziwirizi.

Kutchire

Chimene chimawononga zithunzi zambiri za nyama si lenzi yotchipa, ndi kugwedezeka. Lenzi yaitali imakulitsa nyama pamodzi ndi kunjenjemera kwa manja anu. Lamulo lakale limati shata isachedwe kuposa 1 pa mamilimita a lenzi, mutachulukitsa kale ndi 1.5 kapena 1.6 ija, kutanthauza kuti 300mm pa APS-C imafuna 1/500 ya sekondi. Kwa nyama yoyenda yambirani pa 1/1000, kwa mbalame youluka 1/2000. Shata ikathamanga chonchi kuwala kumachepa, ndiye mumakweza ISO, nambala imene ikakwera chithunzi chimawala ngakhale kuwala kuli kochepa. Anthu oyamba kumene amaopa ISO 1600 kapena 3200 chifukwa cha timadontho timene ojambula amati noise. Mantha amenewa ndi opitirira muyeso. Timadontho timachepetseka pa kompyuta, koma chithunzi chogwedezeka sichikonzeka.

Malenzi ambiri ali ndi kachipangizo kochepetsa kugwedezeka, kamene Canon amati IS, Nikon VR, Sony OSS, Tamron VC, Sigma OS. Kamathandizadi, ndipo ndingalangize kuti lenzi yaitali yanu yoyamba ikhale nako. Koma kamagwira manja anu okha, sikaimitsa nswala imene ikudumpha. M'galimoto tripod, choimikira kamera cha miyendo itatu, ilibe ntchito. Sokani kathumba ka nsalu yolimba, thiranimo nyemba kapena chimanga makilogalamu awiri, kayikeni pazenera n'kugonekapo lenzi. Ojambula odziwika amagwiritsa ntchito komweko.

Tsono mugule iti? Kwa njovu, mvuu, njati, ngoma ndi mbidzi, 70-300mm kapena Canon 55-250mm ndi yokwanira, makamaka ku Liwonde kumene bwato la pamtsinje wa Shire limakufikitsani pafupi ndi mvuu, ng'ona ndi njovu zobwera kudzamwa. Ku Majete tchire ndi lothithikana, nyama imatulukira pafupi, kawirikawiri ili mumthunzi, ndiye zumu yobwerera msanga ku 70mm imapulumutsa chithunzi. Ku Nyika, pamtunda wopitirira mamita 2,000, udzu ndi waufupi ndipo ntchefu, zilembwe ndi mbidzi zimaonekera patali. Kumeneko lenzi yaitali imathandiza, koma ine ndimaona kuti chithunzi chokoma cha Nyika ndi chija nyama zili zazing'ono pakati pa zitunda ndi mitambo, ndipo chimenecho mumajambula ndi 18-55mm imene inabwera ndi kamera.

Mbalame ndiye nkhani ina. Malawi ili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo amene wakodwa m'chikondi chimenechi 300mm imamuchepera msanga. Sigma ndi Tamron amapanga 150-600mm f/5-6.3, Nikon ali ndi 200-500mm f/5.6, Sony 200-600mm. Onsewa amalemera makilogalamu 2 kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo ndi bwino kuinyamula kaye ya mnzanu kwa ola lathunthu musanaitanitse yanu. Pali kagalasi kena kotchedwa teleconverter koika pakati pa kamera ndi lenzi. Ka 1.4 kamatalikitsa lenzi koma kamadya theka la kuwala, ka 2 kamasiya gawo limodzi mwa magawo anayi. Pa lenzi imene ili kale f/6.3, kamera imayamba kuvutika kupeza fokasi, ndiye ndalama zimenezo n'kwabwino kuzisungira ulendo wina wa kupaki.

Ulendowo ndi woyenera ndalama zake, chifukwa mapaki athu asintha. Majete inali itatsala pang'ono kutha nyama pamene bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa mu 2003. Zipembere zinabwerera chaka chomwecho, njovu mu 2006, mikango mu 2012. Liwonde inalowa m'dongosolo lomweli mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota, zina 263 n'kupita ku Kasungu mu 2022. Nzika zimalipira pachipata ndalama zochepa kusiyana ndi alendo akunja. Zimandiwawa kuti zithunzi zambiri za nyama zathu zimene timaziona pa intaneti anajambula ndi alendo, eni dziko tikungodutsa pa Liwonde pa minibasi.

Nthawi ya tsiku imaposa lenzi. Kuno dzuwa likatuluka limakwera mofulumira, ndipo kuwala kofewa kwa m'mawa ndi madzulo sikukhalitsa. Masana a Okutobala ku Chikwawa, nthaka ikatentha mpweya umachita kuvina, ndipo 600mm imakulitsa kuvinako, chithunzi n'kutuluka chosalongosoka ngakhale fokasi ili bwino. Musaimbe mlandu lenzi. Jambulani chipata chikangotsegulidwa, fokasi ikhale pa diso la nyama, ndipo musatsike m'galimoto pokhapokha woyang'anira paki atalola. Chithunzi cha chipembere musachiike pa Facebook n'kutchula malo enieni amene munachiona, ndipo zimitsani GPS ya foni kapena kamera, popeza opha nyama mozemba nawonso amawerenga.

Kuphunzira kugwira lenzi yaitali sikufuna paki. Akakowa otsata ng'ombe kudambo, mpheta pa mpanda, galu wothamanga pabwalo, zonsezi zimaphunzitsa manja. Ku Kuti, ku Salima, kulibe mikango ndi njovu, ndiye munthu amatha kuyenda pansi pakati pa mbidzi.

Usiku

Thambo lathu ndi limodzi mwa abwino kwambiri padziko, ndipo pali chifukwa chake. Pakati penipeni pa Mlalang'amba, pamene nyenyezi zathithikana kwambiri, pali kumwera kwa thambo, cha ku gulu la nyenyezi la Sagittarius, pafupi ndi mchira wa Scorpius, gulu looneka ngati chinkhanira. Ku London malo amenewa amangosuzumira pang'ono pamwamba pa madenga. Ku Lilongwe amadutsa pafupifupi paliwombo. Kuwala kochokera kumeneko kwayenda zaka pafupifupi 26,000 kuti kufike pa sensa yanu. Timaonanso Southern Cross, Alpha Centauri imene ili m'gulu la nyenyezi zapafupi kwambiri ndi dzuwa lathu, ndi timitambo tiwiri tosasuntha ta Magellan, timene ndi milalang'amba ina payokha. Anthu a ku Ulaya amakwera ndege kupita ku Namibia kapena ku Chile kuti akaone zomwezi.

Mdima wa kumudzi umabwera chifukwa choti mabanja ambiri alibe magetsi, ndipo sindikuyesa kuti chimenecho n'chokondweretsa. Magetsi afike basi. Chofunika n'chakuti nyale zakunja ziziwalitsa pansi pamene anthu akuyenda, osati kumwamba.

Nyengo yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti. Mvula imakhala itasiya, mpweya uli woyera. Pakati pa Juni, chigawo chowala cha Mlalang'amba chimafika pamwamba pakati pa usiku, mu Julayi cha m'ma 10 koloko, mu Ogasiti cha m'ma 8. Ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre chiperoni chimatha kutseka thambo masiku angapo m'miyezi yomweyi. Kuyambira Ogasiti moto wa tchire umadzaza utsi mumlengalenga, ndipo pofika Okutobala nyenyezi zotsika zimazimirira m'fumbi. Nyenyezi za Nsangwe ndi Akamwiniatsatana zimakongola madzulo a Disembala ndi Januwale, koma apo mumapikisana ndi mitambo. Kumayambiriro kwa Meyi, mbandakucha, kumagwa nyenyezi zothothoka za Eta Aquariids, zimene ndi fumbi losiyidwa ndi nyenyezi ya mchira (comet) ya Halley, ndipo zimaoneka bwino kwa ife a kumwera.

Mwezi umatenga masiku 29 ndi theka kuti ubwerere pomwe unali, ndipo ukawala Mlalang'amba umabisika. Sankhani masiku a mdima, mwezi utafa kapena uli wakhanda. Kunyanja masiku omwewo ndi amene asodzi a usipa amayatsa nyali zawo pamadzi. Ena amaziona ngati zosokoneza. Ine ndimati ziikeni m'munsi mwa chithunzi, nyenyezi pamwamba, chifukwa chithunzi chotero munthu wa ku Chile sangachijambule.

Vuto lalikulu la usiku ndi lakuti dziko limazungulira madigiri 15 pa ola. Shata ikatseguka nthawi yaitali, nyenyezi zimasanduka timizere. Ojambula amawerengera pogawa 500 ndi mamilimita a lenzi, atachulukitsa kale ndi 1.5 kapena 1.6 ija. Kwa 18mm pa APS-C yankho ndi masekondi 17 kapena 18, ngakhale kuti pa masensa a masiku ano ndi bwino kutsikira pa 13 kapena 15. Kwa 300mm yankho ndi sekondi imodzi, pa bowo la f/5.6, ndipo palibe chimene mungatole. Apa ndiye pakuoneka poyera chifukwa chake lenzi ya nyama imalephera usiku.

Nkhani yabwino ndi yakuti lenzi yobwera ndi kamera ija imatha kujambula Mlalang'amba. Ikani kamera pa tripod, sankhani M kuti muzitchera zonse nokha, lenzi pa 18mm, f/3.5, masekondi 15, ISO 3200, ndipo jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene sensa yaona. Zimitsani IS kapena VR. Tchererani kamera kuti idikire masekondi 2 mukadina batani, kuti dzanja lisagwedeze. Chovuta ndi fokasi, chifukwa mumdima kamera siitha kuipeza yokha. Sinthirani lenzi ku MF, fokasi ya pamanja, lozani nyenyezi yowala kwambiri, ikulitseni pa sikirini, n'kumapotoza pang'onopang'ono mpaka ikhale kadontho kochepetsetsa, kenako matanipo tepi. Chizindikiro cha infinity, chosonyeza fokasi ya kutali kwambiri, cholembedwa pa lenzi musachikhulupirire kwambiri. Maso amafuna mphindi 20 kapena 30 kuti azolowere mdima, ndiye tochi ikhale yofiira, ngakhale yongokulunga ndi pepala lofiira. M'mwezi wa Juni mame amagwera pagalasi mosadziwika, choncho muziliyang'ana pafupipafupi. Batire nalonso limatha msanga kukazizira, lina likhale m'thumba la jekete.

Mukafika poti f/3.5 yakuchepelani, pali malenzi odziwika bwino pantchitoyi. Tokina 11-16mm f/2.8 ndi ya APS-C. Samyang 14mm f/2.8, imene kwina amaigulitsa ndi dzina la Rokinon, ilibe fokasi yodzichitira yokha, koma usiku simuifuna n'kale. Sigma 16mm f/1.4 ndi ya makamera opanda galasi loonera m'kati, aja amati mirrorless. Lenzi ya nyenyezi imayesedwa m'makona a chithunzi. Malenzi ena akatseguka kotheratu, nyenyezi za m'makona zimamera timapiko, vuto lotchedwa coma. Kutseka bowo sitepe imodzi kumalichepetsa. Musaiwalenso 50mm f/1.8, yotchipa kuposa ambiri, imene pa masekondi 5 kapena 6 imaonetsa bwino kwambiri dera la Southern Cross.

Timadontho ta ISO yokwera timathetsedwa pojambula zithunzi zambiri zofanana n'kuziphatikiza. Zithunzi 16 zimachepetsa noise kanayi. Mapulogalamu a Sequator ndi Siril amachita ntchitoyi kwaulere, ndipo Stellarium imakuonetsani pamene nyenyezi iliyonse idzakhale usiku umene mwasankha. Kulinso timakina totembenuza kamera motsatira thambo, monga Sky-Watcher Star Adventurer, timene timalola shata kukhala mphindi zingapo. Kuno timavuta kutchera, chifukwa timafuna kulozetsedwa pa nsonga ya kumwera ya thambo, pamene palibe nyenyezi yowala, ndipo ku Malawi nsongayo ili pansi, madigiri 9 mpaka 17 okha kuchokera pamene thambo lakumana ndi nthaka. Musayambe nato.

Chinthu chimodzi chakumwamba chimene lenzi ya nyama imachitha ndi mwezi. Mwezi ndi wowala chifukwa ukuwombedwa ndi dzuwa, ndiye f/8, 1/250 ndi ISO 100 ndi poyambira pabwino ukakhala wathunthu. Pa sensa kukula kwake ndi mamilimita a lenzi kugawa ndi 110, kutanthauza kuti 300mm imapereka mwezi wosakwana 3mm, 600mm wopitirira 5mm pang'ono. Zigwa ndi mapiri ake zimaoneka bwino ukakhala theka, osati wathunthu. Dzuwa lokha musalilozetse lenzi yaitali popanda sefa yake yeniyeni, ngakhale pa kadamsana. Limaotcha sensa ndi diso lomwe.

Usiku uli ndi zoopsa zake. Mvuu zimatuluka m'madzi kukadya udzu kukada, ndiye m'mbali mwa Shire kapena Luangwa musaimike tripod musanafunse oyang'anira malo. Kumudzi, pitani kaye kwa amfumu masana, mufotokoze chimene mukudzachita, muwaonetse zithunzi, ndipo mutenge munthu wa pamudzipo. Mlendo woima kumunda pakati pa usiku ndi chipangizo chothwanima amakayikitsa, ndipo tonse tikukumbukira anthu amene anaphedwa mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikana chifukwa cha mphekesera za anamapopa.

Pogula

Ndikanakhala ndi kamera ndi 18-55mm yokha, ndikanayamba ndi tripod yolimba, kenako 70-300mm yogwiritsidwapo kale ntchito, ndiye lenzi yachitatu n'kudikira mpaka nditadziwa ngati mtima wapita ku mbalame kapena ku nyenyezi. Malenzi a zonse pamodzi monga 18-300mm ndi abwino paulendo wa banja, koma mbali zonse ziwiri amangokwanitsa pang'ono. Amene akufuna kungosunga chikumbutso cha mbalame zimene waona angaganizire kamera ngati Nikon P900, imene imakoka ngati 2000mm, podziwa kuti sensa yake ndi yaing'ono ndipo mdima umaigonjetsa. Mafoni ena, monga Google Pixel, ali ndi njira yojambulira nyenyezi foni ikakhazikika osagwedezeka, koma nkhwazi ya pa mamita 50 sangaikwanitse.

Kwacha itatsika ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zida zatsopano zinapita kutali, ndipo ambiri amadalira achibale a ku Johannesburg kapena ku UK kuti awatumizire zakale. Auzeni dzina lonse la kamera yanu, chifukwa kamwa la lenzi, pamene imalumikizana ndi kamera, liyenera kugwirizana ndi kamerayo. Canon EF si RF, Nikon F si Z, ngakhale kuti pali timaadaputa tolumikiza malenzi akale ku makamera atsopano. Nikon D3500 ndi anzake a D3000 ndi D5000 alibe mota ya fokasi m'thupi, ndiye malenzi akale olembedwa AF kapena AF-D amafuna kupotoza ndi dzanja.

Lenzi yakale ikafika m'manja mwanu, ichotseni pa kamera, walitsani tochi kumbuyo n'kusuzumira kutsogolo. Tifumbi tochepa tilibe vuto. Koma mukaona timizere toyera toyanga m'kati mwa galasi, chimenecho ndi chuku, ndipo chimadya utoto wapagalasi. Chinyezi cha dzinja ku Nkhata Bay kapena ku Mulanje chimameretsa chukuchi mu lenzi yosiyidwa m'chikwama chotseka. Sungani malenzi m'chigubu chosalowa mpweya pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo tikanyowa muzitiumitsanso pa moto wochepa. M'chilimwe, posintha lenzi kupaki, tsekani mazenera a galimoto ndi kulozetsa kamera pansi kuti fumbi lisagwere pa sensa.